Kamtunda ka kuseri kwa nyumba

Mawu a alamu anga akundizungulirabe m'mutu mpaka usiku uno. Anabwera masana kudzatenga ana awo, ndiye ataima kuseri kwa nyumba anayang'ana kamtunda kaja kamene kapinga amakana kumera, n'kunena kuti, "Alamu, mukuvutikiranji? Ingothirani simenti ponsepa, muzingosesa basi."

Ananena mwachikondi, ndipo malowo ndi ovutadi. Kumtunda kuli mtengo wa mango, mthunzi wake wothithikana, mizu yake imamwa chinyezi chonse. Kumunsi ndi kumene madzi a padenga amagwera, amakokolola dothi mpaka kutsala miyala yokhayokha. Kapinga amafuna dzuwa ndi madzi, ndipo kutentha kwa Okutobala kuno ndani angamathirire udzu ndi madzi a pampopi olipira?

Koma simenti ayi. Ndinawafunsa kuti madzi akagwa pa simentipo apita kuti. Anati, "Aa, apita kumunsi." Kumunsiko kuli anthu! Kuli agogo amene nyumba yawo ndi ya zidina. Ife a mu Blantyre amene tinaona zimene madzi anachita ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, nkhani ya madzi otsetsereka sitiitenga mopepuka. Bwalo langa ndi laling'ono, inde, koma aliyense wa m'phiri muno akathira simenti, madzi onsewo alowa pati?

Ndinawauza za vetiva. Kumudzi alangizi a zaulimi ankatibzalitsa udzu umenewu m'milambala, ndipo ukagwira wagwira. Mizu yake imalowa pansi molunjika, mamita 2 kapena 3, siyendayenda m'mbali kukalanda chakudya cha mbewu zina. Sufalikira wokha pabwalo. Umang'amba phata, kudula masamba kuti atsale aafupi, n'kubzala mzere wopingasa kamtundako, motalikana ngati chikhatho chimodzi. Ukabzala mvula itayamba, kuthirira kulibe. Chotsala n'kumeta kamodzi kapena kawiri pachaka, ndipo udzu wometawo umaphimbira pa tomato. Dothi lokokoloka limaima kuseri kwa mzerewo, madzi n'kumalowa pansi pang'onopang'ono.

Apo anagwedeza mutu, anavomera. Tinasiyana pa za pansi pa mango. Vetiva safuna mthunzi, ndiye pamenepo ine ndikufuna kungozunguliza miyala, masamba ogwa azikhala pomwepo, aziwolerana. Alamu anaseka. "Ndiye anthu azinena chiyani? Pabwalo posasesa amati pali mayi waulesi."

Mawu amenewa ndi amene andikhala pamtima. Chikhalire ndine mwana ndimadzuka ndi tsache m'manja, ndipo sindidana nako kusesa, pakhomo poyera pamandisangalatsa. Koma tsache limatenga dothi pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Mizu ya mango uja tsopano ili pamtunda, ana amapunthwapo. Kwathu kumudzi nyumba zambiri maziko ake anaonekera chifukwa cha kusesa komweku pamodzi ndi mvula. Ndimatopanso, ndinene zoona. Ndikaweruka kuntchito msana umakhala ukuwawa, ndipo ndimalakalaka mbali imodzi ya bwalo ikanamadzisamalira yokha popanda wina kunditcha dzina.

Kaya ndi kutenthaku kwandichititsa kuti ndikhumudwe chonchi. Tulo sitikubwera n'komwe.

Ananenanso za chiswe ndi njoka, ndipo pa chiswe ali ndi mfundo. Chiswe chimakonda masamba ouma, ndipo mtengowo suli patali ndi khoma. Mwina ndisiye mpata wosesa pakati pa miyalayo ndi nyumba, masamba akhale chakutsinde kokha. Bambo a ana nditawafotokozera anangoti tikambirana Loweruka, koma ndinaona kuti za simentizo zawalowa. Mbewu ya vetivayo ndiyenera kuitanitsa kumudzi mvula isanagwe, ndipo sindinawaimbirebe achemwali.