Funso limene ndinabwera nalo kuchokera ku Chilobwe

Achemwali anga anandiimbira foni mbandakucha wa Lolemba, pa 13 Malichi 2023, mvula ya namondwe wa Freddy ili mkati. Mawu awo sankamveka bwino chifukwa cha mkokomo wa madzi ndi kulira kwa anthu. Chimene ndinatolapo n'chakuti phiri latsika ndipo mwana sakuoneka. Ine ndimakhala ku Zingwangwa, pafupi pomwepa, koma tsiku limenelo ndinafika ku Chilobwe kutayera kale, chifukwa njira zonse zimene ndinazizolowera zinali zitasanduka mitsinje.

Amene simunaone ndi maso, n'kovuta kukufotokozerani. Kuchokera pamwamba pa phiri la Soche kunatsika matope osakanikirana ndi miyala, ina yaikulu kuposa minibasi, ndipo pamene panali nyumba panatsala chigwembe chofiira. Nyumba ya achemwali inadulidwa pakati. Chipinda chakutsogolo chinatsala chili chiimire, kalendala ili pakhoma, koma chipinda chakumbuyo, chimene munagona mwana wawo wotsiriza, kamtsikana ka zaka 6, munalibenso. Tinakumba ndi makasu, mafosholo ndi manja, mvula ikutikhuthukira pamsana. Tinamupeza Lachitatu, kumunsi ndithu, atakutidwa ndi malata a nyumba ya eni ake. Ndine ndinamunyamula, poti ndine malume wake.

Ndakhala ndikuphunzitsa Sande sukulu kwa zaka zoposa khumi. Mwana ameneyu anali m'kalasi mwanga, ndipo ndine ndinamuphunzitsa kuti Mulungu ndiye chikondi. Titaika maliro ndinakhala miyezi itatu osaponda pakhomo la tchalitchi. Sindinasiye kukhulupirira kuti Mulungu alipo. Chinandivuta n'kuima pamaso pa ana ena n'kubwereza mawu omwewo ngati palibe chachitika.

Pa masiku amenewo ndinamva zambiri. Pasiwa anthu ankati ndi chifuniro cha Mulungu, ena ankati Mulungu watenga wake, ena ankati tonse ndife alendo pansi pano. Amenewa sindiwaimba mlandu, chifukwa munthu ukafika pamaso pa namfedwa umafuna kunenapo kanthu, ndipo umatola mawu amene ali pafupi. Koma kumsasa kumene achemwali anasungidwa, m'kalasi ya sukulu, kunabwera mlaliki wina amene ananena kuti namondwe wa Freddy ndi mkwapulo, Mulungu wakwiya ndi machimo a mumzinda wa Blantyre. Anatchula uhule, uchidakwa ndi ufiti. Amayi anali atakhala pa simenti, ena asanapezebe mitembo ya ana awo, ndipo ambiri anavomera kuti Ameni, chifukwa munthu wosweka mtima amavomera chilichonse. Madzulo ake achemwali anandikokera pambali n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Achimwene, kodi ndinalakwa chiyani ine?"

Akuluakulu amati mvula ikakuona litsiro sikata. Mlaliki uja anachita ngati mvula ya Freddy inalidi ndi maso, inayenda nyumba ndi nyumba kufunafuna a litsiro. Koma ine ndinalipo, ndinaona mmene matope anasankhira. Mayi wina wa Mvano, amene ankadzuka usiku kupempherera odwala a m'dera lonselo, anapita pamodzi ndi adzukulu ake awiri. Nyumba ina yogulitsiramo kachasu, chapafupi pomwepo, inatsala yosathyoka ndi zenera lomwe. Sindikunena kuti ogulitsa kachasuwo ndiwo anayenera kufa, Mulungu andikhululukire ngati zamveka choncho. Ndikungonena kuti matope aja analibe buku la mayina.

Chimene chinandibwezera ku Baibulo ndi mkwiyo womwewo. Ndinkafuna kuona ngati mlaliki uja ananena zoona, kuti ngati n'choncho ndidziwiretu Mulungu amene ndakhala ndikumutumikira. Ndinafika pa Luka 13. Pamenepo Yesu akukamba za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera n'kuwapha, ndipo akufunsa ngati anthuwo anali ochimwa kuposa ena onse okhala mu Yerusalemu. Akuyankha yekha kuti ayi. Ndimeyi ndinaiwerengapo kambirimbiri kale, koma nthawi zonse ndinkathamangira mawu otsatira a kulapa, n'kudumpha "ayi" ameneyu. Nsanja yogwera anthu 18 ndi phiri logwera anthu a ku Chilobwe, kusiyana kwake ndi kuchuluka chabe. Pa Yohane 9 ophunzira akufunsanso za munthu wobadwa wosaona, kuti anachimwa ndani, iye kapena makolo ake, ndipo Yesu akukananso zonse ziwiri. Tsiku lotsatira ndinapita kwa achemwali ndi Buku Lopatulika m'manja, ndinawawerengera, n'kuwauza kuti Ambuye mwini wake wakana zimene munamva kumsasa zija.

Kenako ndinakhala pa buku la Yobu mwezi wathunthu. Ambirife timadziwa chiyambi chake ndi mathero ake, chuma chinapita, chuma chinabwerera, ndipo timalalikira ngati nkhani ya munthu wopirira amene analandira mphotho. Koma pakati pake pali machaputala ambirimbiri a munthu wolira mokweza, wotemberera tsiku limene anabadwa, wofuna kukumana ndi Mulungu pabwalo la milandu. Anzake atatu aja anayamba bwino. Anakhala naye pansi masiku 7 usana ndi usiku osanena kanthu, monga timachitira ife pasiwa. Zinasokonekera pamene anatsegula pakamwa kuti ateteze Mulungu, n'kuyamba kumuuza Yobu kuti payenera kukhala tchimo limene akubisa. Kumapeto, pa chaputala 42, Mulungu akukwiyira Elifazi ndi anzake awiri aja, akuti sananene zoona za Iye monga ananenera mtumiki wake Yobu. Taganizani, amene ankamuikira kumbuyo Mulungu ndiwo anadzudzulidwa, ndipo amene ankamufunsa mafunso owawa ndiye anatchedwa wonena zoona. Chifukwa chimene anavutikira, Yobu sanauzidwe mpaka buku kutha. Ana ake khumi oyamba aja sanabwerere. Anabereka ena, koma kholo lililonse limene linaikapo mwana likudziwa kuti mwana salowa m'malo mwa mnzake.

Pali gawo la nkhaniyi limene ndi lathu anthu, ndipo sindifuna kulibisa. Ndili mwana phiri la Soche linali ndi mitengo. Tinaidula pang'onopang'ono, nkhuni, makala, mapolo, minda, ndipo ine ndemwe ndagulapo makala osafunsa kumene achokera. Anthu anakwera kukamanga m'mbali mwa phiri chifukwa kumeneko ndiko munthu wopeza mochepa akanatha kupeza poimika nyumba kapena lendi yotsika. Achemwali anga sanasankhe malo aja chifukwa chokonda kuona mzinda kuchokera pamwamba. Umphawi unawakankhira kumeneko, ndipo umphawi suchokera kumwamba, timaupanga anthu ndi dyera lathu ndi kusalabadirana. Zimenezi sitingamusenzetse Mulungu.

Komabe yankho limeneli limandifikitsa pakati panjira basi. Namondwe uja anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale, anawoloka nyanja yonse ya India, anamenya Madagascar, anamenya Mozambique, anabwerera kunyanja n'kubweranso kachiwiri, ndipo anakhala ndi moyo masiku oposa 30, kuposa namondwe wina aliyense amene akatswiri a zanyengo anamulembapo. M'Malawi muno anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ku Blantyre, ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu mpaka kuchigwa cha Shire, pamene tinali kale pakati pa mliri wa kolera. Mulungu amene anadzudzula mphepo pa nyanja ya Galileya akanatha kumukhotetsa namondweyo kuti akathere panyanja. Sanatero. Abusa athu anandiuza za ufulu wosankha umene Mulungu anapatsa munthu, ndiponso za Aroma 8, pamene Paulo akuti chilengedwe chonse chikubuula ngati mayi pa nthawi yobereka. Ndimakhulupirira zimenezo. Koma kamtsikana ka zaka 6 sikanasankhe kanthu, kanangogona. Ndikanena kuti ndikumvetsa chifukwa chake Mulungu analola, ndikhala ndikunama, ndipo ndatopa ndi mabodza onenedwa m'dzina lake.

Chimene chinandigwira kuti ndisagweretu ndi vesi lalifupi kwambiri lija, Yohane 11:35, lakuti Yesu analira. Anali atanena kale kuti akukamudzutsa Lazaro, ankadziwa kuti posachedwa manda atseguka, koma ataona Mariya akulira sanamuuze kuti pukuta misozi, zonse zili ndi cholinga. Analira naye. Marita ndi Mariya onse awiri anamulandira ndi mawu a dandaulo, akuti mukanakhala kuno mlongo wathu sakanafa, ndipo Iye sanawakalipire. Ameneyunso ndi amene anafuula pamtanda mawu oyamba a Salimo 22, kufunsa Mulungu chifukwa chake wamusiya. Funso langa lija, lakuti chifukwa chiyani, linatulukapo kale m'kamwa mwa Mwana wa Mulungu. Ndikamakumbukira Lachitatu lija, mwana ali m'manja mwanga, matope ali m'tsitsi mwake, sindithanso kumuganizira Mulungu ngati wokhala patali akuonerera. Ndimamuona ngati Atate amene akudziwa kulemera kwa mtembo wa mwana. Ndipo ndimakumbukira anyamata aja amene anakumba nafe masiku atatu, ena Asilamu, ena osapemphera n'komwe, osadya, osafunsa kuti mwanayo ndi wa ndani.

Achemwali ndiwo anayamba kubwerera kutchalitchi, ine ndisanabwerere. Amakhala benchi yakumbuyo, ndipo nyimbo zina saimba nawo, amangotseka maso. Ine ndinabwerera ku Sande sukulu mu Juni chaka chomwecho. Sabata yachiwiri kamnyamata kena, kamene kankakhala benchi imodzi ndi mwana wathu uja, kanakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, bwanji Yesu sanaimitse mvula ija?" Ndinakauza kuti sindikudziwa, kuti inenso ndimamufunsa, ndiponso kuti Iye sakwiya tikamufunsa. Kanandiyang'ana nthawi yaitali, kenako kanati kakufuna tipempherere mnzake uja kuti asamve kuzizira kumene ali. Tinagwada tonse pa simenti, ndipo kanapemphera kokha.

Pano achemwali akuchita lendi chipinda chimodzi ku Bangwe. Mvula ikayamba kugwa usiku, ya mkokomo pa malata, foni yanga imalira. Sitilankhula zambiri. Nthawi zina ndimawawerengera Salimo 88, limene limatha mlembi wake akadali mumdima, chifukwa ndilo amalipempha okha. Nthawi zina timangokhala chete, iwo uko ine kuno, mpaka mvula itakata kapena mayunitsi atatha.