Tsiku limene sort() inandidyera mayina a katundu

Azakhali ali ndi okala ku Chinamwali, ndipo mitengo yonse amalemba m'kope la ana asukulu lomwe linada kale ndi mafuta ophikira. Titafika pa mutu wa ma array pophunzira PHP, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pa kompyuta, ndinati basi, choyeserera ndachipeza, kope lija ndilisamutsira pa kompyuta.

Chiyambi sichinavute. Array ndi dzina limodzi losunga zinthu zambiri, chilichonse pamalo pake. Chondipunthwitsa chinali chakuti kuwerenga kumayambira pa 0. Ndinaika shuga, sopo, mchere, machesi ndi mafuta, zinthu 5, kenako n'kuitanitsa $katundu[5]. PHP 8 inangondiyankha kuti "Undefined array key 5". Mafuta anali pa 4. Izi ndinazolowera tsiku lomwelo.

Kumene kunandikomera ndi ku associative array, komwe m'malo mwa nambala umagwiritsa ntchito dzina, "shuga" => mtengo wake. Ndi momwe kope la azakhali lilili ndendende: dzina kumanzere, mtengo kumanja.

Ndiye ndinafuna kuti mitengo iyambire wotsika kukwera. Ndinalemba sort($mitengo) ndi mtima wonse. Mitengo inandandalikadi bwino, koma mayina onse anapita! Panatsala 0, 1, 2, 3, 4, osadziwanso kuti wa sopo ndi uti. Ndinakhala usiku wonse ndikukayikira foreach wanga (lamulo lodutsa pa zinthu za mu array chimodzichimodzi), wosalakwa. Kutacha, ndili m'minibasi yopita m'tauni, ndinawerenga pa foni kuti sort() imataya makiyi akale, kutanthauza mayina aja, n'kuika manambala atsopano. Yosunga dzina ndi mtengo wake limodzi ndi asort(). Ukafuna kuyambira wokwera pali arsort(), ndipo ksort() imatsata mayinawo mwa alifabeti. Kunena zoona, mayina amenewa amafanana mopweteka mutu, ndipo mpaka lero ndimayamba ndasuzumira ndisanalembe.

Panalinso kena. Ndinkalemba $zatsopano = sort($mitengo) poganiza kuti ndilandira mndandanda wina. Ayi, sort() imasintha array yomweyo, chomwe imabweza ndi true basi. N'chifukwa chake pa sikirini pankangotuluka 1, poti PHP imaonetsa true ngati 1. Ukapanda kusunga array ina yofanana nayo usanasanje, dongosolo lakale lapita.

Panopa sindisuntha osalemba print_r() kuti ndione zimene zili m'katimo. Ndi mmene ndinaonera kuti unset() ikachotsa chinthu imasiya mpata, manambala n'kumayenda 0, 1, 3, mpaka utaitana array_values(), yomwe imaikanso manambala mwa dongosolo.

Loweruka ndinakawaonetsa azakhali. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Zili bwino mwanawe, koma ngongole za anthu uzilemba pati? Wina amatenga shuga lero, sopo mawa, kulipira pakutha pa mwezi." Apo pakufunika array m'kati mwa array ina, munthu aliyense ndi mndandanda wake. Kope ndabwera nalo kunyumba, akulifuna Lolemba m'mawa asanatsegule.