Bwana akana kudya

Tsiku limene mlongo wanga ankasamukira ku Mchinji, katundu yense anakwera lole: mabedi, mbuzi, mtondo, ngakhale mphika wobooka umene wakhala akunena kuti adzaumatitsa. Amene anakanizidwa kukwera ndi chule wa mwana wake basi. Mphwanga ameneyu ali Sitandade 6. Chuleyo anamutola nthawi ya dzinja m'dambo la kufupi ndi damu la Chitete, n'kumamusunga m'ndowa yong'aluka kuseri kwa khitchini. Ndi chule wamkulu wa zithupsa pamsana uja, ndipo anamutcha dzina loti Bwana.

Mayi ake ananenetsa kuti chinthucho chikakwera, iwo atsika. Mwana anagwa pansi n'kuyamba kugubuduka, dalaivala akuliza hutala kuti akufuna akadutse pa Santhe dzuwa lisanalowe. Kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi wako, mwini mbumba ndiwe, choncho maso onse anatembenukira kwa ine.

"Amalume, mundisungire. Ndidzamutenga pa holide."

Ndinalandira ndowa. Ine ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina m'tauni ya Kasungu. Ndasungapo nkhuku, nkhunda, ndiponso alamu osafuna ntchito. Sindinaone choopsa pa chule.

Poyamba zinkayenda. Kunali kutangotha kukolola, ziwala zili mbwee m'mapesi, ndiye ndikaweruka ndinkagwira zingapo n'kuponya m'ndowa. Kadyedwe kake kanandigwira mtima, sindikana. Amayang'ana chiwala nthawi yaitali osagwedezeka, kenako lilime thapu, chiwala kulibe. Akamameza amatsinzina mwamphamvu, maso onse n'kulowa m'mutu. Ine ndinkati akuyamika Mulungu. Ndinadzamva pambuyo pake kuti maso amenewo amathandiza kukankhira chakudya kummero.

Mwezi wa June utalowa, mwera utayamba kuomba, Bwana anasiya kudya.

Chiwala chinkadutsa pamphuno pake penipeni, iye duu ngati wapampando wa komiti ya maliro amene sanamupatse tiyi. Tsiku lina ndinapeza chiwala chitakwera pamutu pake, chikupukuta miyendo. Ndinaganiza kuti watopa ndi ndiwo imodzimodzi. Ndinamuikira kambamu ka nsima, sanayang'ane. Bonya, sanayang'ane. Dzira lowiritsa, limene ine mwini nyumba ndimalidya Lamulungu lokha, linagona m'ndowa mpaka nyerere zinabwera kudzachita phwando. Ndinakumbukira kuti mphwanga anati Bwana amadya zoyenda zokha, ndiye monga telala ndinatenga ulusi wakuda, n'kumanga kabonya kumchira, n'kumakavinitsa pamaso pake. Mayi a kunyumba anandipeza nditagwada, ndikuvinitsa nsomba yakufa kwinaku ndikuimba muluzi. Anaima pakhomo kanthawi ndithu.

"Abambo, kodi ana akadwala munayamba mwawavinira chonchi?"

Bwana anatembenuka pang'onopang'ono n'kundilozetsa kumbuyo.

Ndinapita kusitolo ya mankhwala a ziweto. Mnyamata wogulitsa anandilandira bwino, n'kufunsa kuti chiweto chake n'chiyani. Ndinayankha motsitsa mawu chifukwa munali anthu. Iye sanamve, ndinabwereza, ndipo anabwereza yekha mokweza kuti sitolo yonse ipindule. Anandiwerengera zimene anali nazo: katemera wa chitopa, mankhwala a nkhupakupa, a njoka za m'mimba, mavitamini a anapiye. Bambo wina amene ankagula mbewu ya tomato anandilangiza mwaulere kuti ndimuphe ndikatole wina, achule onse ndi ofanana. Bamboyo sakumudziwa mphwanga. Mwana uja zithupsa za pamsana pa Bwana anaziwerenga.

Pobwerera ndinkadziyankhulira ndekha panjinga. Mu 2022 anatenga njovu 263 ku Liwonde, kuzigoneka ndi jakisoni, kuzikweza malole mpaka kudzazitsitsa m'paki yathu ya Kasungu, ndipo sindinamvepo kuti ina inanyanyala chakudya. Alimi oyandikana ndi pakiyo akhoza kuchitira umboni kuti zimadya bwino kwambiri. Ine kanthu kokwana m'dzanja, kosamuka mtunda wosatopetsa n'komwe, kakundichititsa manyazi m'tauni.

Madzulo aliwonse foni inkalira kuchokera ku Mchinji. "Amalume, Bwana wadya?" Ndinkayankha kuti Bwana ali bwino, akupereka moni.

Zinafika poipa chifukwa cha kumjigo. Mayi a kunyumba, potunga madzi, anadandaulira mnzawo kuti kunyumba kulibe mtendere, Bwana sakudya, wangoti ndwii pakona, maso okha. Mnzawoyo anagwira pakamwa, n'kupita nayo nkhani. Loweruka masana ndili pamkeka, ndinangomva nyimbo ikubwera chapamsewu. Amayi a kutchalitchi kwathu, mayunifolomu oyera, wina wasenza ufa, wina botolo la sobo, wina nkhuni. Analowa, anakhala pansi, n'kuyamba kundiyang'ana mwachisoni. Ine n'kuti nditangomaliza mitanda itatu ya nsima ya nyemba, m'mimba muli ndi.

"Pepani abambo, tamva kuti simukudya."

Ndikanangovomera, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo sobo tikanamwa. Koma mayi a kunyumba ndi munthu wonena zoona pa nthawi yolakwika. Analowa kukhitchini, n'kutulukira ndi ndowa, n'kuiika pakati pa mpingo. Amayi amene anali kutsogolera pemphero anasuzumira, Bwana naye anawayang'ana. Pemphero lake linali lalifupi kuposa onse amene ndinamvapo, ndipo ufa anabwerera nawo.

Muyenera kudziwa kuti mwezi womwewo ndinali nditapeza oda yosoka mayunifolomu a ana asukulu, ndipo ndinagula njinga yatsopano. Ndiye anthu anawerengera okha: munthu wamkulu, wandevu, akusunga chule m'nyumba, akumutcha Bwana, akumuphikira mazira, ndipo mwadzidzidzi wagula njinga. Pofika Lolemba dera lonse linkadziwa kuti telala anakhwima. Ana ankathawa ndikamadutsa. Amene ankafalitsa kwambiri anali aneba a kumtunda kwathu, bambo wolima fodya, amene ankauza anthu kuti iwo anayamba kalekale kundikayikira.

Ine mutu wanga unali pa wodwala. Mnzanga wina wa kabaza anandiuza kuti chule sangakane mphemvu. Vuto n'lakuti m'nyumba mwathu mayi amapopera mankhwala, ndipo mphemvu yodya mankhwala ikhoza kupha wodwala amene ukufuna kumuchiritsa. Koma aliyense m'dera lathu amadziwa kumene kuli mphemvu zenizeni, zofiira, zazitali ngati chala, zosaonapo mankhwala chibadwire: kuchimbudzi kwa aneba a kumtunda aja. Kuzigwira ndi manja n'kovuta, zimathamanga. Ndiye ndinaganiza kuti m'malo mopititsa chakudya kwa wodwala, wodwalayo apite yekha kumene kuli chakudya.

Ndinadikira anthu agone. Kunja kunali chisanu chobaya m'mafupa, choncho ndinadzifunditsa chitenje cha mayi kumutu. Nsapato ndinasiya kuti ndisachite phokoso. Ndinanyamula Bwana m'manja, tochi ya pafoni ndinailuma pakamwa, n'kudutsa pampanda pamene mbuzi zinaboola. Kuseri kwa chimbudzi mphemvu zinalipo zoti munthu n'kudzaza thumba. Ndinagwada, n'kumuika Bwana pansi, ndinachotsa foni pakamwa n'kuyamba kumunyengerera monong'ona.

Sindinadziwe kuti m'chimbudzimo munali munthu.

Kukuwa kwa mayi a kwa aneba kunadzutsa agalu mpaka kumsewu wa M1. Ndinati ndithawe, chitenje chinakola pamsomali wa mpanda. Ndinati ndibwerere ndikatole Bwana, anyamata olondera usiku anali atafika kale ndi zibonga ndi malikhweru. Anandiunika kumaso, anandiunika kumapazi, kenako anaunika pansi. Bwana anali pomwe ndinamusiya, mphemvu zikumuzungulira, osadyako ndi imodzi yomwe. Palibe mnyamata amene analimba mtima kumugwira. Ndinamunyamula ndekha, mkaidi kunyamula umboni womutsutsa, mpaka kwa amfumu.

Mlandu unakambidwa mawa lake pansi pa mtengo wa mango, ndipo anthu anabwera ambiri kuposa amene amabwera pa msonkhano wa chitukuko. Ndowa anaiika pakati, anthu n'kusiya bwalo lalikulu mozungulira. Mayi a kwa aneba anaimirira.

"Wawa amfumu, ndinamva ndi makutu angawa. Amati: idyani Bwana, idyani, za kwa aneba n'zonona."

Khamu lonse linati haa. Amfumu anandifunsa ngati mawu amenewo ndinanenadi. Ndinati ndinanena, koma ndinkanena mphemvu. Apa amuna awo anakwiya kuposa poyamba, akuti ndatukwana banja lawo pagulu, kwawo kulibe mphemvu. Anyamata olondera anapempha kuti alankhulepo pa mfundo imeneyo, amfumu anawakaniza.

Amene anandipulumutsa ndi aphunzitsi ena opuma, amene anaphunzitsa Biology kusekondale zaka zambiri ndipo pano amaweta akalulu. Anadzuka ndi ndodo yawo, anapita pandowa, n'kumutola Bwana ndi manja, amayi ena akubisa nkhope. Anamutembenuza, anamuyang'ana maso, anamugwira m'mimba ndi m'ntchafu.

"Amfumu, nyama iyi sikudwala. Taonani ntchafuzi, zadzaza. Ikungofuna kugona."

Anafotokoza kuti thupi la chule silidzitenthetsa lokha monga lathu, limatsata mmene kunja kulili. Kukazizira, zonse m'thupi mwake zimayenda pang'onopang'ono, m'mimba simugaya, ndipo njala imatha. N'chifukwa chake m'miyezi ya June ndi July, madambo atayamba kuuma, achule ambiri amadzikwirira m'dothi kapena kubisala pansi pa miyala ndi zipika, n'kudzatuluka mvula yoyamba ikagwa, nthawi ya ngumbi. Anafunsa khamu lonse kuti ndani anamvapo achule akuimba usiku wonse mu July monga amachitira mu December. Panalibe.

Kenako anatembenukira kwa ine, ndipo apa ndi pamene ndinatuluka thukuta ngakhale kunali mphepo. M'ndowamo muli chiyani? Ndinati madzi pang'ono ndi mwala. Madzi ake akuti? Ndinati apampopi, oyera bwino, ndimachita kukatunga kutauni. Anapukusa mutu. Akuti chule samwa ndi pakamwa, madzi amalowera pakhungu, makamaka la kumimba, ndiye klorini wa m'madzi apampopi amamupweteka. Apachitsime kapena amvula ndiwo abwino, ndipo apampopiwo azigona kaye pabeseni. Sopo, parafini kapena mafuta a makina osokera zikakhala m'manja mwa munthu, nazonso zimalowera pakhungu lomwelo. Ndinabisa manja m'thumba. Za nsima ndi dzira anangoseka, akuti maso a chule amaona chakudya chikamayenda, choima n'chimodzimodzi mwala. Chimene Bwana ankasowa ndi dothi lachinyontho lokwanira kudzikwiriramo, mthunzi, ndi kusiyidwa. Mawu akuti kusiyidwa anawanena kawiri akundiyang'ana.

Gogo wina kumbuyo anati, "Chule adadabwa m'madzi muli mwake," ndipo sindikudziwa ngati ankanena ine, Bwana kapena aneba, koma anthu anaseka ndipo zibonga zinatsika.

Amfumu anagamula kuti za ufiti palibe umboni, ndipo anachenjeza kuti kuloza munthu ufiti ndi mlandu pamalamulo a dziko lino. Koma kulowa pakhomo pa munthu usiku, wopanda nsapato, utavala chitenje cha mkazi wako, n'kuopseza mayi ali pamalo opumira, ndi mlandu wa nkhuku imodzi. Inapita nkhuku yathu yoikira, imene mayi a kunyumba ankaikonda kuposa achibale anga ena.

Madzulo omwewo ndinadzaza ndowa ndi dothi la kudimba. Bwana anayamba kukumba ndi miyendo yakumbuyo, akulowa chafutambuyo, mpaka panatsala mphuno yokha, kenako nayonso inasowa. Foni italira ndinauza mphwanga kuti Bwana wagona ndipo adzadzuka ndi mvula. Mwana anati, "Eya, aphunzitsi anatiuzanso zimenezo. Amalume, kuno ndapeza kagalu."

Patapita masiku, usiku ndithu, tinamva kugogoda chapansipansi pazenera. Ndinatsegula, ndi aneba a kumtunda, chipewa chili m'manja. Anayamba ndi kufunsa za ana, za ntchito, za mtengo wa ulusi. Kenako anayang'ana uku ndi uku.

"Achimwene, zakale zinapita. Mabelo anga akulowa ku okushoni ku Chinkhoma Lolemba, ndipo chaka chatha anandibwezera awiri. Mwina Bwana akanagonako kwathu Lamulungu lokha."

Ndinawauza kuti anamva okha zimene ananena aphunzitsi, uyu ndi chule wamba, wa m'dambo, ndipo panopa ali m'tulo.

"Ndikudziwa, ndikudziwa," anatero akutsinzinira diso limodzi. "Zoterezi sitinenera pagulu."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokozenso, koma mayi a kunyumba anali atafika kale kumbuyo kwanga, ndowa ili m'manja.

"Musamuike padzuwa, musamugwire ndi manja a fodya, musamudzutse," anatero. "Ndipo nkhuku ija ibwere kaye. Yomweyo, yamawangamawanga."