Kupaka chitsulo ufa wowala kuti muone pamene chikupanikizika

Ufa umene ndimagwiritsa ntchito ndi mankhwala otchedwa strontium aluminate, othira pang'ono mtundu wa chitsulo wotchedwa europium. Chitsulo chopakidwa ufawu chikamapindika, pamatuluka kuwala kobiriwira kwa 520 nm (nm ndi muyeso wosonyeza mtundu wa kuwala), ndipo powala kwambiri ndi pomwe mphamvu yaunjikana, kawirikawiri m'mbali mwa bowo kapena kunsonga kwa mng'alu pamalo owotcherera. Gulu la wasayansi Chao-Nan Xu ku Japan linaonetsa zimenezi mu 1999. Ufawo ndi woitanitsa kunja, koma epoxy (guluu wolimba wochita kusakaniza zinthu ziwiri), sandipepala ndi thina mupeza m'mahadiweya a ku Limbe.

Ndimayamba ndapala chitsulo mpaka dzimbiri litatheratu, n'kupukuta ndi thina. Pakatsala mafuta, epoxy amamatuka ndipo kupindika kwa chitsulo sikufika pa ufa. Kenako ndimasakaniza magalamu 5 a ufa ndi magalamu 10 a epoxy woonekera ngati galasi, wouma mochedwa. Wouma m'mphindi 5 uja musiyeni, amalimba thovu lisanatuluke. Ndimapaka mopyapyala, chitsulocho chili chogona, n'kuchisiya maola 24.

Madzi ndiwo mdani wa ufawu: ukanyowa umaonongeka, kuwala n'kuchepa. Choncho utoto wamadzi ayi, ndipo nyengo ya mvula kapena Chiperoni akakuta Blantyre, botolo la ufawo lizikhala lotseka, muli kapaketi ka silica gel, timikanda toyamwa chinyezi.

Poyesa m'pamene ambiri amasokonezeka. Ufawu umafunika kutchajidwa kaye. Ndimauunika ndi tochi ya UV (kuwala kosaoneka ndi maso) ya 365 nm kwa mphindi imodzi, nditavala magalasi oteteza maso, kenako ndimazimitsa zonse ndi kudikira mumdima mphindi 5. Mukafulumira, chitsulo chonse chimakhala chikuwalabe chokha, ndiye simungasiyanitse kanthu. Mphindi zimenezi zisamasinthe, apo ayi zithunzi za lero ndi za mawa sizingafanizidwe.

Kamera ndimaikhazika pa sitandi, exposure (kuchuluka kwa kuwala kolowa) ndi focus (pamene kamera ikuonetsa bwino) nditazitseka kuti zisasinthe, chifukwa foni ikasiyidwa yokha imangokweza kuwala mumdima. Ndikayamba kujambula vidiyo, ndimakanikiza chitsulo pa vaisi kamodzi, mosadukiza. Kuwala kumabwera mphamvu ikamasintha basi. Katundu akangokhala chikhalire, ngakhale wolemera chotani, kumazilala. Mukamangitsa pang'onopang'ono simuona chilichonse, n'kuganiza kuti ufa ndi wabodza.

Kukanikiza kachiwiri kumawala mocheperako, chifukwa mphamvu imene ufa unasunga potchajidwa yayamba kutha. Ndimatchajanso ndi tochi, n'kudikira mphindi 5 zomwe zija, ndisanabwereze.