Ku Zomba, nkhani ya Dr. Malekebu ili m'mutu

Pochoka ku Limbe kupita ku Zomba ndimakonda mpando wa pawindo la kumanja, chifukwa mukangodutsa pa Njuli phiri la Chiradzulu limaonekera lonse. Lachisanu lapitali ndinakhala moyandikana ndi agogo ena aamuna atanyamula kathumba ka nandolo pamiyendo. Ataona kuti maso anga ali kuphiriko anati, "Mwanawe, kwathutu uko, ku Mbombwe. Mayi anga ankalandira mankhwala kwa a Malekebu." Anatsika pa Namadzi, koma dzinalo linatsala nane mpaka m'tauni.

Daniel Sharpe Malekebu ndiye Mmalawi woyamba kukhala dokotala. Anali mwana wasukulu pa mishoni ya Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe nthawi ya John Chilembwe, ndipo mmishonale wachikuda wa ku America, Emma DeLaney, ndi amene anamutsegulira njira yopita kunja. Malekebu anamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College ku Nashville mu 1917. Kamuzu Banda anadzamaliza pa sukulu yomweyo mu 1937, patadutsa zaka 20. Ambiri tinakula tikudziwa wachiwiriyu yekha, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Zomba ndi wokongola, palibe angatsutse. Ndinakwera wapansi kuchokera pa depoti kulunjika kumaofesi akale a boma, mitengo ikuluikulu ikuchita mthunzi, mtsinje wa Mulunguzi ukumveka chapansipansi, anyani akudumphadumpha pamadenga. Nyumba za njerwa zofiira zija zikadalipo, makonde ake aatali. Ndinaima pamenepo nthawi ndithu, poti m'tauni ino ndi momwe munali likulu la atsamunda, ndipo boma lomwe linkalamula kuchokera kuno ndi lomwe linakaniza Malekebu kulowa m'dziko lakwawo mu 1921. Munthu wabwera ndi mkazi wake Flora, maphunziro ali m'manja, anthu akuvutika ndi malungo ndi zilonda, koma akuluakulu akuopa kuti mwana wa pa PIM adzautsanso nkhondo ya Chilembwe ya 1915. Anakakhala ku South Africa, kenako ku Liberia, n'kudzaloledwa mu 1926. Zaka zisanu zimenezo ndi odwala angati omwe akanawaona?

Chimene ndimamulemekezera kwambiri n'chakuti atabwera sanafune malo abwino m'tauni. Anabwerera pa bwinja la PIM pomwe asilikali anagumula tchalitchi, nayambanso: sukulu, chipatala, tchalitchi chatsopano. Mu 1929 anayambitsa Chiradzulu District Native Association, bwalo loti anthu wamba azikambirana zowavuta, kuphatikizapo nkhani ya malo m'boma lomwe minda yambiri inali m'manja mwa azungu a maesiteti. Dokotala woona odwala tsiku ndi tsiku amadziwa kuti mwana wotupikana sachira ndi jakisoni yekha ngati makolo ake alibe polima.

Potsika ndinadzera kumsika kukagula mapichesi ndi mbatatesi za kuphiri, kenako ndinakwera kabaza kupita chakumunsi, komwe kuli ndende ndi zipatala. Mnyamata wa kabazayo anandilozera njira ya ku Zomba Mental Hospital. Chisamaliro cha odwala matenda a maganizo kuno chinayambira m'kati mwa ndende ya Zomba mu 1910, ndipo chipatala chakechake chinadzatsegulidwa mu 1953. Ndi dziko lotero lomwe Malekebu ankapempha kuti abwerere kudzagwiramo ntchito.

Pa geti la Zomba Central Hospital ndinapeza magadiyani akulowa ndi chakudya chamasana. Mayi wina anali atasenza beseni, m'menemo muli mapoto awiri omanga ndi chitenje, fulasiki ili kukhwapa, mwana kumbuyo. Anatula pansi, n'kukhudza poto ndi dzanja kuti amve ngati nsima ikadali yotentha, n'kusenzanso. Pambuyo pake panadutsa atsikana atatu ovala zoyera, ma stethoscope ali m'khosi, akucheza m'Chichewa. Sukulu yathu ya madokotala, College of Medicine, inatsegulidwa mu 1991 ku Blantyre. Malekebu sanaione, anamwalira mu 1978.

Mitambo itayamba kuphimba phiri ndinathamangira ku depoti. Amene mukufuna kuyenda njira imeneyi, yendani mkati mwa sabata kuti mukapeze National Archives ili yotsegula, popeza mafayilo a boma la atsamunda amasungidwa kumeneko, ku Zomba komweko.