Ulendo wa ku Likoma pa sitima ya Ilala

Ife obadwira ku Chipata timadziwa mapiri, minda ya fodya ndi mtedza, ndiponso mitsinje imene imaphwa chilimwe chikafika, moti nkhani za sitima zapamadzi timangozimvera kwa anzathu. Komabe m'banja mwathu dzina la Likoma linkatchulidwa kawirikawiri, chifukwa kwawo kwa amayi anga ndi ku Msoro, m'boma la Mambwe, kumene kuli mishoni yakale ya mpingo wa Anglican. Amalume anga, amene anaphunzitsa katekisimu kumeneko kwa zaka zambiri, ankatifotokozera kuti mpingo unafika ku Msoro ndi wansembe Leonard Kamungu, Mchewa wa kunyanja amene anamwalira komweko mu 1913, ndi kuti likulu la mishoni imene inamulera linali pa chilumba cha Likoma, m'nyanja ya Malawi. Mu July 2019, titatha kukolola, amalumewo anandiitana nandiuza kuti, "Mphwanga, maso angawa akanaona, undiperekeze ndikachione chilumba chimenechi."

Tinanyamuka Loweruka m'mamawa, tinadutsa pachipata cha Mwami kulowa ku Mchinji, ndipo tinagona ku Lilongwe. M'mawa mwake tinakwera basi yodzera ku Salima, yotsata msewu wa m'mbali mwa nyanja. Titayandikira Nkhotakota, amalume anadzuka pampando kuti aone bwino mlatho wa pa Chia, pakuti Kamungu anabadwira m'dera limenelo, ndipo anaima chogwirira mpaka madzi a thamandalo atabisika kumbuyo kwa bango. Ku Nkhotakota komweko ndi kumene a Jumbe, mafumu achiswahili ochita malonda, ankakhoma zombo zamatanga zowolotsera minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kutsidya la kum'mawa, ndipo ena mwa anthu ogwidwawo ankachokera kumadzulo, mbali ya kwathu kuno. Tinafika ku Nkhata Bay dzuwa litalowa.

Lolemba masana Ilala inatulukira kuchokera kumpoto, yoyera mbee, ndipo italiza hutala yake, tauni yonse inasanduka msika umodzi wothamangira kudoko. Ndinali ndisanaonepo katundu wosakanikirana chotere. Panali matumba a chimanga ndi ufa, simenti, malata, makreti a zakumwa, migolo ya mafuta, mitolo ya nkhuni, matiresi, njinga yamoto, nkhuku zomangidwa miyendo, ndiponso bokosi lamaliro latsopano limene anyamata anayi analisenza mosamala anthu n'kuwapatukira. Pansi penipeni pa sitima, pamene mtengo wa tikiti ndi wotsika, anthu anali atayala kale zitenje pamwamba pa matumba awo, moti wodutsa ankayenera kupempha njira phazi lililonse. Ife tinagula malo a pamwamba, pamene munthu amagona pamtetete pansi pa denga la mthunzi, chifukwa ndinkaopa kuti amalume avutika ndi kutentha kwa pafupi ndi injini.

Sitima imeneyi ndi yakale kuposa mayiko athu onse awiri pa ufulu wawo. Inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Scotstoun, mumzinda wa Glasgow, ndipo inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira ndi pa njanji, n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay. Inayamba kunyamula anthu mu 1951. Kutalika kwake ndi mamita 52, ndipo sabata iliyonse imachoka ku Monkey Bay kukafika ku Chilumba kumpoto n'kubwereranso, ikuima pa madoko ndi midzi ya m'njira, kuphatikizapo malo ngati Ruarwe kumene galimoto sifika bwino. Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi dzina lake. Ilala ndi dziko la Alala, ku Zambia konkuno, kumene David Livingstone anafera m'mudzi wa mfumu Chitambo mu 1873. Amishoni a ku Scotland atabweretsa sitima yoyamba yoyendera nthunzi panyanjayi, anaitcha Ilala pokumbukira malo amenewo. Sitima yoyambayo inakwera mtsinje wa Zambezi ndi wa Shire, inaphwasulidwa pa mathithi, inasenzedwa pamitu ndi anthu mazanamazana, ndipo inalowa m'nyanja pa 12 October 1875. Ya leroyi inatengera dzina kwa imeneyo. Nditawafotokozera amalume zimenezi, anagwedeza mutu nati, "Ndiye kuti takwera sitima ya dzina la kwathu."

Tinachoka ku Nkhata Bay usiku. Poyamba madzi anali odekha, ndipo kutali kunkaoneka nyali za asodzi a usipa zitandandalikana ngati mudzi woyandama. Koma titatuluka m'gombe, mwera unatipeza. Mwera ndi mphepo yochokera kumwera imene imaomba kwambiri m'miyezi yozizira, ndipo popeza nyanjayi ndi yaitali ndi yopapatiza, mphepoyo imakankha madzi mtunda wautali mpaka mafunde amakula modabwitsa. Sitima inayamba kupendekera uku ndi uku, mabotolo ankagubuduzika pansi, ndipo ana ankalira m'munsimo. Amalume anafunda bulangete, anakhala tsonga atatsamira chitsulo, ndipo milomo yawo inkayenda mwakachetechete. Bambo wina wachikulire wa ku Chizumulu, amene anagona pafupi nafe, anawalimbitsa mtima kuti, "Musaope, akuluakulu, uwu ndi mwera wamba, sitimayi yaona woposa pamenepa." Iye yemweyo ndiye anatikumbutsa za Vipya, sitima imene inagubuduzika ndi namondwe pa 30 July 1946 kumpoto kwa nyanjayi, kufupi ndi Florence Bay, n'kupha anthu 145, itangoyenda maulendo ochepa chabe. Ilala inabwera pambuyo pa ngozi imeneyo, ndipo anthu a kunyanja amaikhulupirira chifukwa yadutsa m'miyera ya zaka pafupifupi 70 ili chiimire.

Pakati pa usiku tinaima pa Chizumulu, ndipo mbandakucha tinafika pa Likoma. Apa ndi pamene ndinaona zenizeni za moyo wa pachilumba. Pa ulendo wathuwo sitima sinagunde kumtunda, koma inaponya nangula patali ndithu ndi gombe, ndipo antchito ake anatsitsa maboti awiri amene amapachikidwa m'mbali mwake. Munthu ankatulukira pa khomo laling'ono la m'nthiti mwa sitima, n'kutsika pa makwerero achitsulo, boti likukwera ndi kutsika ndi mafunde pansi pake. Wantchito wina anaima phazi limodzi pa makwerero, lina pa boti, ndipo ankayembekeza funde likweze botilo kenako n'kufuula kuti, "Tsopano!" Mayi wina amene anali patsogolo panga anamasula mwana kumsana, anamupereka kwa mlendo amene anali kale m'boti, ndipo mwanayo anadutsa m'manja mwa anthu atatu osalira, mayi wake asanatsike. Thumba la ufa linatsatira, kenako beseni la tomato, kenako amalume anga, amene anyamata awiri anawanyamula m'khwapa n'kuwakhazika pa thumba la chimanga. Boti litadzaza mpaka madzi kutsala pang'ono kufika pamilomo yake, linalunjika kumtunda, ndipo pomalizira tinavula nsapato n'kuyenda m'madzi ofika m'maondo. Kutsitsa anthu ndi katundu kunatenga maola ambiri, boti likupita ndi kubwera, ndipo dzuwa linatuluka ntchitoyo isanathe.

Likoma ndi kachilumba kakang'ono, ka masikweya kilomita 18 okha m'bwalo lake lonse, kamiyala ndi milambe yambiri. Ndi gawo la dziko la Malawi, koma madzi okazungulira ndi a Mozambique, ndipo mapiri a ku Cobue amaoneka pafupi kwambiri moti zombo zamatanga zimawoloka tsiku ndi tsiku ndi nkhuni ndi zakudya. Nthaka yake ndi yosabereka bwino, anthu amadalira chinangwa ndi nsomba, choncho chimanga, shuga, sopo, mafuta ndi zomangira nyumba zimachokera kumtunda. Mayi amene tinkagona kunyumba kwawo, pafupi ndi msika wa Mbamba, amagulitsa usipa wouma ku Nkhata Bay n'kubwera ndi ufa. Iwo anatiuza kuti sabata ya pachilumba imawerengedwa ndi kulira kwa sitima, ndipo ikakhala kuti yapita kokakonzedwa, mitengo ya zinthu imakwera msanga, usipa umadzaza m'nyumba, ndipo odwala ofunika chipatala chachikulu amayenda pa maboti aang'ono amene mwera suwamvera chisoni. Ife ku Chipata mlatho ukakokoloka timadandaula, koma timapeza njira ina yolambalala. Iwo njira yawo yaikulu ndi sitima imodzi yokalamba imeneyi, ndipo ine ndikuona kuti anthu amene akhulupirika kwa boma lawo ali pakati pa madzi a dziko lina ayenera kukhala ndi sitima yachiwiri yolimba ngati imeneyi, kuti moyo wawo usamaime nthawi iliyonse injini ikatopa.

Lachitatu tinakwera kupita ku Chipyela, kumene kuli tchalitchi chachikulu cha St Peter. Dzina la malowo limachokera ku kupsa, chifukwa kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti, ndipo amishoni anasankha dala kumangapo nyumba ya Mulungu. Ntchito yomanga inayamba mu 1903 ndipo inatha mu 1911. Munthu ukatulukira pakati pa mitengo n'kuona nsanja zake ziwiri ndi makoma ake ataliatali, umadzifunsa kuti chinyumba chotere chinamangidwa bwanji pa kachilumba kopanda ngakhale msewu wochokera kumtunda. Yankho lake ndi sitima. Amishoni a UMCA, bungwe la mishoni la mpingo wa Anglican, anakhazikika pa Likoma mu 1885, chaka chomwe anayandamitsa sitima yawo yoyamba yotchedwa Charles Janson, ndipo wansembe William Percival Johnson anaigwiritsa ntchito ngati tchalitchi ndi sukulu yoyenda, kuyendera midzi ya m'mphepete mwa nyanja. Mnzake Chauncy Maples atadzozedwa kukhala bishopu wa Likoma mu 1895, sanafike n'komwe pampando wake, pakuti boti limene anakwera linagubuduzika ndi mphepo pa 2 September chaka chomwecho, ndipo anaikidwa ku Nkhotakota.

Sitima yachiwiri ya mishoniyo inatchedwa dzina lake, Chauncy Maples. Inapangidwa ku Glasgow mu 1899 ndipo inatumizidwa m'mitolo yoposa 3,000, koma manambala osonyeza kuti chitsulo ichi chikulumikizana ndi chiti anafafanizika pokutira zitsulozo kuti zisachite dzimbiri, moti amisiri anavutika zaka ziwiri, sitimayo n'kuyandama mu 1901. Boyila yake yolemera matani 11 sikanatheka kuigawa, choncho inakokedwa pangolo ndi amuna 450 achingoni. Ndikaganiza za amuna amenewo, zingwe zili pamapewa, akukwera zitunda za m'mbali mwa mathithi a Shire, mtima umandiwawa kuti mabuku anasunga maina a mabishopu ndi a makampani a ku Glasgow, koma a iwowa anangotsala nambala. Chimodzimodzinso amene anasenza Ilala yoyamba, ndi amene ankadula nkhuni zoyatsira maboyila pa doko lililonse. Mbiri ya sitima za panyanjayi inayenda pa misana ya anthu akuda kuyambira pachiyambi, ndipo anyamata amene anatitsitsa m'boti mbandakucha uja akupitiriza ntchito yomweyo.

M'kati mwa tchalitchimo munali kozizira ndi kwachete, kuwala kukulowera m'magalasi amitundumitundu. Mkulu wina wa mpingo amene anatiyendetsa anatisonyeza mtanda wawung'ono wamtengo, natiuza kuti unasemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo umene pansi pake anakwirirapo mtima wa Livingstone. Mtengowo unali mpundu, umene ife timati muula. Atamva kuti tachokera ku Msoro, mkuluyo anawagwira amalume dzanja ndi manja awiri nati, "Ndinu ana a Bambo Kamungu inu, mwafika kwanu." Anatikumbutsanso kuti John Edward Hine, bishopu woyamba wa Northern Rhodesia (Zambia ya lero) mu 1910, anali atakhalapo bishopu wa Likoma. Amalume anapempha kuti awalole kukhala kanthawi okha. Ndinatuluka panja, ndipo ndili pakhonde ndinawamva akuimba chapansipansi nyimbo ina ya m'buku la mapemphero la Chinyanja, imene agogo ankaimba ku Msoro, ndipo posakhalitsa mawu a mkulu uja analowa pansi pa mawu awo, pakuti nayenso ankaidziwa.

Masiku otsalawo tinayenda pang'onopang'ono m'midzi, tinadya kondowole ndi utaka, ndipo madzulo tinkakhala pagombe kuonerera asodzi akukonza chilimila ndi kupopa nyali zawo. Amalume ankafunsa aliyense wachikulire za sitima zakale, ndipo pafupifupi aliyense anali ndi m'bale amene anagwirapo ntchito m'sitima, wina m'chipinda cha injini, wina kukhitchini, wina pa chiwongolero.

Loweruka Ilala inabwera kuchokera kumwera, ndipo tinaimva isanaoneke. Ana anathamangira kugombe akufuula dzina lake, amayi anasenza matumba a usipa amene anali atasanjidwa pamchenga kuyambira m'mawa, ndipo mayi a nyumba yathu anatipatsa kathumba ka nsomba zouma kuti tikawapatse a ku Msoro. Tinavulanso nsapato, tinalowa m'madzi, ndipo anyamata omwe aja anawazindikira amalume n'kuwaitana kuti, "Agogo a ku Zambia, bwerani kutsogolo kuno." Ulendo uno sanadikire kunyamulidwa. Anapinda thalauza lawo, anandipatsa ndodo kuti ndiwagwirire, ndipo funde litakweza boti anagwira makwerero ndi manja awo n'kukwera okha.