Zikomo nonse amene mwatigwira mkono pa malonda a mikanda ndi zitenje

Makasitomala athu a ku Johannesburg, London ndi kwina konse, amayi osoka a ku Ndirande ndi ku Bangwe, ndi inu amalonda a ku Limbe, tikuwomba m'manja. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, kenako kwacha kugwa ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, zinagwedeza aliyense wochita geni muno mu Blantyre. Shopu yathu ya pa intaneti idakalipo chifukwa cha inu.

Amene munavomera kuti mitengo tiziilemba m'madola munatipulumutsa. Dola itachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndalama yomwe inkaoda mapaketi 10 a mikanda inayamba kuoda 7 okha. Wogulitsa pa mtengo wadzana amaona ngati malonda akuyenda, pamene mpamba ukutha. Ndalama ikalowa, iodere katundu sabata yomweyo, isagone.

Tikuthokozanso achimwene ndi achemwali a m'makampani onyamula katundu pa ndege, amene munatiphunzitsa kuti sikelo si yokhayo imene imadula mtengo. Amachulukitsa mulitali, mulifupi ndi msinkhu wa katoni m'masentimita, n'kugawa ndi 5,000. Katoni ya 40 ndi 30 ndi 25 imalipira makilogalamu 6, ngakhale mkati muli ulusi wolukira wa makilogalamu 2 okha. Ndiye ulusi finyani mpweya utuluke, ndipo mipata ya m'katoni dzazani ndi mikanda yagalasi, yomwe ndi yolemera koma yosadya malo. Mikandayo ikhale m'timapulasitiki tiwiri. Kamodzi kakaphulika m'njira, saizi 8/0 (yokulirapo) ndi 11/0 (yaing'ono) zimasakanikirana, ndipo palibe kasitomala angakhale pansi kuzisankha.

Amayi osoka, nzeru ya kansalu koyera inachokera kwa inu. Kanyowetseni, kapukuteni pa chitenje. Kakatenga mtundu, chitenjecho n'chosuluka, chisapite kunja. Nyengo ya dzinja nsalu yopakiridwa ndi chinyezi imakafika itachita nkhungu, choncho isitidwe, izizire kaye, kenako ilowe m'pulasitiki pamodzi ndi tipaketi ta silica gel toyamwa chinyezi.

Pa fomu ya kasitomu lembani chomwe chili m'katoni ndi mtengo wake weniweni. Mikanda yagalasi nambala yake yozindikirira mtundu wa katundu ku kasitomu ndi 7018. Kulemba kuti ndi mphatso pofuna kuzemba msonkho, kunena zoona, n'kudzipweteka: katundu akatayika amakulipirani molingana ndi zomwe munalemba nokha. Mikanda ya njere ndi ya mtengo funsani kaye malamulo a dziko lomwe ikupita, chifukwa maiko ngati Australia amaigwira pa chipata poopa tizilombo.

Inu amene munadikira katundu wanu mopanda kukwiya misewu itaduka, Mulungu akudalitseni. Maoda a Khirisimasi tumizani Okutobala asanathe, mvula isanayambe.